Madzi akudontha pa shafuti ya boti: kodi ndimange nati kufikira pati?

FUNSO: Ndine wochokera ku Nkhata Bay ndipo ndimagwira ntchito pakhomo pa banja lina kuno ku Johannesburg. Abwana anga ali ndi boti lakale la injini ya m'kati limene amayendera ku Vaal Dam, cha ku Deneysville, ndipo poona kuti ndinakulira kunyanja anandipatsa udindo wolisamalira. Madzi ankalowa pamene shafuti ya pulopela imatulukira kunja, choncho ndinamanga nati ya pamenepo mpaka kudontha kunaleka. Tsopano malowo akumatentha kwambiri tikangoyenda pang'ono, ndipo madzi ayambiranso kulowa. Kodi ndichite chiyani? Wowerenga wa ku Turffontein.

YANKHO: Bambo, musanalizenso injiniyo, masulani natiyo pang'ono, chifukwa kutentha mukunenako kukusonyeza kuti shafuti ikupsa ndi kudyeka. Chipangizo chimenecho amakaniko amachitcha stuffing box, ndipo m'kati mwake muli zingwe za packing, zimene pa maboti akale zimakhala za ulusi wa chomera chotchedwa flax zonyikidwa m'mafuta, pomwe zamakono zambiri zimakhala ndi PTFE kapena graphite. Zingwezi zimafinya shafuti kuti madzi asalowe ambiri, koma sanazipange kuti zizikhala zouma, pakuti madzi ochepa amene amadutsapo ndiwo amaziziziritsa ndi kuchititsa kuti shafuti iziterera bwino. Muyezo umene ambiri amatsata ndi wakuti pazigwa madontho awiri kapena atatu pa mphindi imodzi pamene shafuti ikuzungulira, ndipo ikaima kudontha kuzilekeratu kapena kuzikhala kwa apo ndi apo. Mukayenda kwa kanthawi, zimitsani injini n'kugwira chipangizocho. Chikakhala chofunda chabe zili bwino, koma dzanja likalephera kupirira, ndiye kuti mwamanga mopitirira.

Popeza zingwe zanuzo zapsa kale, ndikuona kuti kumasula kokha sikuthetsa vutoli, ndipo muyenera kuika zatsopano boti litatulutsidwa m'madzi. Chotsani zakale zonse ndi kachitsulo kokhota, mosamala kuti musakande shafuti, ndipo musanyengeke ndi chizolowezi chongoonjezera chingwe chimodzi pamwamba pa zouma. Kukula kwa chingwe chatsopano kufanane ndi mpata umene uli pakati pa shafuti ndi khoma la chipangizocho. Musachikulunge chathunthu ngati mmene timakulungira chingwe pa mtengo, koma muchidule mphete zosiyana, kawirikawiri zitatu, modula mopendeketsa pa madigiri 45, ndipo polowetsa muonetsetse kuti polumikizira pa mphete iliyonse pasayang'anizane ndi pa inzake. Mangani nati ndi manja okha, kenaka mukakonze muyezo wa madontho boti lili m'madzi, pang'onopang'ono, n'kutseka ndi nati yachiwiri ya pa chipangizocho kuti yoyamba isamasuke ndi kunjenjemera kwa injini.

Zingwe zikachoka, yendetsani chikhadabo pa shafuti pamene zinagona. Mukamva mzera wokumbika kapena timaenje, dziwani kuti ngakhale zingwe zatsopano zidzachucha posachedwa. Timaenjeto timabwera ngakhale pa chitsulo cha stainless, chifukwa chimadyeka pamene madzi akhala osayenda kwa miyezi yambiri popanda mpweya. Nthawi zina amakaniko amasintha kutalika kwa payipi ya labala imene imagwira chipangizocho kuti zingwe zikagone pa malo osalala, koma shafuti ikadyeka kwambiri palibe kuchitira mwina koma kugula ina. Payipi imeneyi ndi imene ndimaiopa kuposa zonse pa boti lakale, chifukwa ikang'ambika madzi amalowa ambiri nthawi imodzi moti pampu singathe kuwatulutsa. Ikhale payipi yokhuthala yopangidwira ntchito imeneyi, osati ya radiator ya galimoto, ndipo mbali iliyonse ikhale ndi ma clamp (tizitsulo tomangira payipi) awiri opanda dzimbiri.

Pali chinanso chimene kalata yanu sinatchule koma chimakonda kukhala gwero la kuchucha kobwerezabwereza, ndicho shafuti yoyenda mogwedera. Boti lili pa thirela, gwirani pulopela n'kuikankhira m'mwamba ndi m'mbali. Ikamagogoda, ndiye kuti cutless bearing, chubu cha labala chimene shafuti imazunguliramo kufupi ndi pulopela, chatha. Onaninso ngati pamenepo pakulungika ulusi wa mbedza, popeza ku Vaal owedza nsomba ndi ambiri, ndipo ulusi umatseka njira ya madzi amene labalayo imafuna. Kumbali ya injini, malabala amene injini imakhalapo amafwifwa ndi zaka, injini n'kutsika pang'ono, n'kuyamba kupotokola shafuti. Izi amayesa ndi feeler gauge (tizitsulo topyapyala toyezera mpata) pamene shafuti imalumikizana ndi giyabokosi, mabawuti atamasulidwa, ndipo pa cholumikizira cha mainchesi 4 kusiyana kwa mpata kusapitirire pafupifupi 0.1 mm. Kuyesaku kuchitike boti litakhala m'madzi tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa thupi la boti limapindika mosiyana likakhala pa thirela. Ntchito iyi ndingakulangizeni kuti muwapemphe abwana anu aitanire makaniko wa maboti, inu muime pambali n'kumaphunzira.

Pa pulopela penipeni, onani kuti manati ndi olimba ndiponso kuti split pin (kawaya koletsa nati kumasuka) ilipo ndipo ndi yatsopano. Anode ndi kachitsulo kamene amamangirira pa shafuti kuti kazidyeka m'malo mwa shafuti ndi pulopela. Anode ya zinc ndi ya madzi amchere a ku Durban kapena Cape Town. M'madzi opanda mchere monga a ku Vaal imakutidwa ndi utoto woyera n'kuleka kuteteza chitsulo, choncho funsani ya magnesium kapena aluminium. Kumbukiraninso kuti boti likakhala kumtunda nyengo yonse yozizira ya June ndi July, zingwe za flax zimauma, ndipo tsiku loyamba m'madzi zimadontha kwambiri zisanafufume, choncho musathamangire sipanala. Zonsezi muzimalize nthawi yoyendera boti isanakwane, chifukwa malamulo a SAMSA, bungwe la boma loona za chitetezo cha maboti ndi zombo ku South Africa, amafuna kuti boti la injini ya mphamvu yoposa 15 hp (horsepower) lizikhala ndi Certificate of Fitness, satifiketi yosonyeza kuti botilo ndi loyenera kuyenda pamadzi, imene imakonzedwanso chaka ndi chaka.