Ukufuna kuoda wa Khirisimasi? Imva kaye za zitenje 80 zija

Mwana wa mchimwene wanga, funso lako ndalimva. Ukuti ndalama yako ya banki m'khonde ikatuluka mu Disembala ukufuna uyambe kukaoda katundu ku Mozambique ngati ine, udzagulitse pa Khirisimasi, ndiye ndikuuze mmene malondawa amayendera ndi mmene ungaikire mtengo kuti makasitomala asakuthawe. Ukadikira ndalama ya Disembala wachedwa kale. Katundu wa Khirisimasi amaodedwa mu Okutobala, mvula isanaononge misewu, eni masitolo tsidya lija asanaone kuti Amalawi tachuluka. Wopita pakati pa Disembala amakatola zotsala, n'kulipira mtengo wa zabwino.

Ine njira imeneyi ndayenda zaka 22. Ndinayamba ndi mchere ndi bakayawo, dengu pamutu. Ndadutsa pa Marka kulowa Vila Nova da Fronteira, kutsikira ku Mutarara, kuwoloka Zambezi wapansi pa mlatho wa Dona Ana, makilomita atatu ndi theka n'kuposa, katundu ali pa kabaza kutsogolo ine ndikuthamanga pambuyo kuti asandichoke m'maso. Nyumba ya malata ya ku Bangula imene umagonamo ukabwera ija palibe mwamuna anaikapo njerwa ngakhale imodzi. Inamangidwa ndi miyendo iyi.

Za mtengo wafunsazo. Anthu a m'chigwa cha Shire muno si ana oti ungawakope ndi kutchipitsa. Dziwa kaye kumene ndalama ya Khirisimasi imachokera. Wina wadula nzimbe ku Nchalo miyezi yonseyi, wina anagulitsa thonje kapena chitowe n'kubisa kangachepe, wina wagulitsa mbuzi ku Ngabu, wina mwana wake watumiza kuchokera ku Joni. Ndalama imeneyo yadikiridwa chaka chathunthu, ndipo kuseri kwake kwaima Januwale ndi fizi ya ana ndi njala. Mayi wochokera ku Makhanga, amene walipira bwato kuti awoloke Shire, akagwira chitenje chako sakuwerengera za tsiku limodzi lovina. Akuganiza kuti chimenechi adzaberekera mwana, adzapita nacho kumaliro, adzafunda usiku mpaka chaka chamawa. Umuuze zoona: ichi n'cholimba, mtengo wake ndi uwu, icho n'chopepuka, chisuluka msanga, n'chifukwa chake chatsika. Asankhe yekha. Ambiri amatenga chimodzi cholimba kusiya ziwiri zopepuka.

Zimenezi sindinaziphunzire m'kalasi. Zinandiotcha.

Mu Okutobala 2023 amayi a kwaya ya mpingo wina wa tsidya la kum'mawa kwa Shire anabwera kwanga kudzaitanitsa zitenje 80 za mtundu umodzi, zabuluu, zoti adzavale ndi mabulauzi oyera pa Khirisimasi. Ukumbukire kuti chinali chaka chimene namondwe wa Freddy anatikokolola mu Malichi. Ambiri mwa amayi amenewo anagona m'misasa miyezi, ena nyumba zawo zinapita ndi madzi, mbale ndi mapoto omwe. Ndalamayo anasonkha pang'onopang'ono kuchokera ku maganyu. Ankangofuna kuima kutsogolo kwa mpingo tsiku limodzi akuoneka ngati anthu. Tinagwirizana mtengo, anandipatsa ndalama yonse yokulunga pa kansalu.

Ndikanapita sabata yomweyo bwenzi pano ndikukuuza nkhani ina. Kunagwa maliro a apongozi, ndinakhala pasiwa, ulendo n'kusunthira kutsogolo. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, dola kuchoka cha m'ma K1,180 kufika K1,700. Osintha ndalama pamalire sanadikire ndi mawa lomwe. Ndinafika ndi makwacha anga, metikali imene anandiwerengera m'manja sikanakwanira n'komwe zitenje 60 za mtundu umene tinagwirizana.

Choyenera chinali kubwerera, kuwasonkhanitsa amayi aja pansi pa mtengo n'kuwauza kuti ndalama yafooka, tionjezere kapena tichepetse. Sindinatero. Ndinaopa kuti anena kuti ndadya ndalama yawo. Ndinatenga katapila kuti ndionjezere, ndinapitirira mpaka ku Beira, ndipo kumeneko dobadoba wina wolankhula Chisena chabwinobwino, wonditchula kuti mayi wake, ananditengera kusitolo ina ya kuseri kwa msika kumene ankati mtengo sunasinthe. Anandiyalira zitenje zisanu. Ndinazikoka, ndinanyowetsa kunsonga, ndinatikita pa kansalu koyera, osatuluka kanthu. Nsalu yeniyeni. Kenako anandipatsa mpando ndi chakumwa chozizira, akuti amayi pumulani, anyamata akumangireni belo kuseriku.

Usadzalole belo kumangidwa kumene maso ako sakuona. Kaya akupatse mpando wa golide. Uime pomwepo, uwerenge chimodzichimodzi, usolole cha pakati, usolole cha pansi.

Pobwera msonkho ndinalipira wonse, lisiti lili m'manja, chidindo chilipo. Ndiye pachipata china cha pamsewu, sinditchula kuti pati, anyamata a yunifolomu anatsitsa belo langa. Akuti mtengo umene walembedwa papepalawu wachepa, katunduyu tiyamba tamufufuza. Ndinawafunsa kuti amene anadinda pepalali si boma lomwelo kodi? Mmodzi wa iwo, msinkhu wa mwana wanga wachisamba, anandiyang'ana kuchokera kumapazi n'kunena kuti, "Iwe mayi, ukudziwa malamulo kuposa ife?" Iwe. Kwa ine. Ndinagona masiku atatu pakhonde la sitolo moyang'anana ndi belo langa, udzudzu wa kuchigwa kuno ukundidya, ndikuona magalimoto akuluakulu odzaza mpaka pamwamba akungoimika pang'ono, dalaivala kutulutsa dzanja pazenera, n'kumapita. Amene amagona pakhonde ndi mayi wa belo limodzi. Tsiku lachitatu ndinawapatsa ya madzi imene ankafunayo, ndipo mpaka lero chimandiwawa kuposa ndalama ina iliyonse imene ndinatayapo, chifukwa sindinabe kanthu. Sikuti onse ndi otero, alipo ena amakuwerengera msonkho mwaulemu n'kukufunira ulendo wabwino. Koma amene anandigoneka pakhonde aja nkhope zawo ndikuzikumbukira.

Masiku atatu amenewo ndi amene anandimaliza. Mwambo wanga ndi woti katundu akafika ndimamasula yense, n'kuchapa chimodzi cha pakati, kuchiyanika padzuwa. Nthawi inali itatha. Amayi anali akudikira padoko, matelala akudikira. Ndinangopereka belo lomangamanga.

Pa 27 Disembala mayi wapampando wa kwaya ija anafika pakhomo panga m'mawa, atanyamula jumbo. Sanakalipe. Anakhala pamphasa, tinapatsana moni bwinobwino, kenako anatulutsa bulauzi. Kuyambira m'chiuno mpaka m'khwapa inali yabuluu. Kutentha kwa tsiku la Khirisimasi ukukudziwa, munthu ukuimba ndi kuvina m'tchalitchi cha malata. Thukuta lokha linasungunula utoto. Potuluka kunagwa kamvula, utoto n'kuyenderera m'miyendo, ana amene anali kumbuyo n'kudetsedwa nawo. Zitenje zisanu zapamwamba zija zokha ndi zimene zinali zenizeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mayi aja anangoti, "Amayi, ifetu tinakukhulupirirani." Ndikanakonda akanandimenya.

Anzanga a pamsika ankandiuza kuti katundu wogulidwa sabwezedwa, iwenso anakubera, ukhale chete ziiwalika. Amene angalankhule choncho ndi mavenda aja amatsika chikweza cha Chikwawa ndi lole kuchokera ku Limbe, kudzaimika masiku atatu ndi chimkuzamawu, nsapato zomata ndi guluu, pofika Nyuwere apita. Ine amayi amenewo ndimakumana nawo kumaliro, kuchigayo, kuchipatala. Ndinagulitsa ng'ombe zanga ziwiri ku Ngabu mu Januwale, mwezi umene aliyense akugulitsa chifukwa cha fizi ndi chimanga, ogula akungotchula mtengo umene afuna. Wakatapila anatenga gawo lake, ndipo linali litakula. Yotsalayo ndinawoloka nayo Shire, khomo ndi khomo, kubweza ya chitenje ndi kuonjezera ya bulauzi. Sinakwanire onse. Otsalawo ndinawalemba m'kope, ndinamaliza nthawi yokolola itadutsa, ndikugulitsa tomato ndi masawu pamsewu ngati mmene ndinayambira. Bambo ako akudziwa, ndi amene anandibwereka ya thiransipoti ya ulendo wanga woyamba nditadzukanso.

Lero pita ukafunse tsidya la kum'mawa lija kuti chitenje cha Khirisimasi amagula kwa ndani. Makwaya atatu amaitanitsa kwa ine. Mtengo wanga ndi wokwererapo kuposa wa oyandikana nane, ndipo sindichita nazo manyazi.

Pabenchi panga pamakhala beseni la madzi ndi kansalu koyera. Aliyense wofuna kunyowetsa nsonga ya chitenje asanagule, anyowetse. Mafuta ophikira ndikamagulitsa oyeza, botolo limadzaza mpaka pakhosi kasitomala akuona, osati zija zobenthula pansi pa botolo kuti lilowe m'kati. Mpunga ndimaika banyira, kadzanja kamodzi, makamaka kwa agogo. Ndipo mtsikana wondithandiza amadziwa kuti foni imakhala m'thumba. Ndinachotsapo wina pa 24 Disembala, msika uli wodzaza, chifukwa agogo ena anafunsa mtengo katatu iye n'kuwayankha kuti ngati mulibe ndalama pitani kutsogolo. Agogo amenewo anali ndi ndalama ya mbuzi yathunthu pamfundo ya chitenje. Ngakhale akanakhala opanda kanthu, munthu wamkulu sayankhidwa choncho. Wobwera ndi Chisena umuyankhe m'Chisena, akamachoka umuuze kuti takhuta, ndiye zikomo wa m'Chisena. Wofuna ngongole ya Khirisimasi umukanize mwaulemu, chifukwa ngongole ya Disembala imabwezedwa mu Meyi, ikabwezedwa n'komwe.

Ndalama yako ya banki m'khondeyo chaka chino usapite nayo kulikonse. Isunge, ndipo usaisunge yonse m'makwacha, gula mbuzi ziwiri kapena zitatu zizikula. Sabata ya Khirisimasi ubwere udzaime nane pabenchi kuyambira 5 koloko m'mawa, udzaone mmene anthu amagwirira nsalu ndi mmene amawerengera ndalama yawo kawirikawiri asanaipereke. Ukapirira dzuwa la sabata imeneyo, mu Okutobala tidzanyamukira limodzi. Ukonzeretu pasipoti, nsapato zafulati, ndi kansalu koyera kako.