Galimoto ikutha madzi pa thermostat housing: mafunso kwa makaniko

Funso: A makaniko, Sienta yanga ikutha madzi. Pakangopita masiku ochepa ndimawonjezera, koma pomwe imagona sipaoneka dontho. Pamene paipi ya pansi ya radieta imalowera mu injini pali zoyerayera zouma. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Zoyerazo ndi coolant wouma, madzi a mankhwala oziziritsa injini, bambo. Pamalopo ndi pomwe pamakhala thermostat, kachipangizo kamene kamatsegulira madzi njira ya ku radieta injini ikatentha, ndipo chivundikiro chake, chomwe timati housing, ndicho chikuoneka kuti chikuchucha. Pansi simuona kanthu chifukwa madziwo amatuluka pokhapokha injini ikatentha presha n'kukwera, ndiye amagwera pachitsulo chamoto n'kuumira pomwepo.

Musathamangire kugula sipeya. Tsukani malowo, aume, kenako makaniko apope presha pakhosi pa radieta mpaka nambala yolembedwa pa kapu, yomwe kawirikawiri ndi 0.9 kapena 1.1. Ngati pampu yoyezera palibe, lizani injini mpaka fani izungulire, muunike ndi tochi. Madzi amatulukira malo atatu: pakati pa housing ndi injini pomwe pali labala, pakhosi pomwe pamagwira kalampu ya paipi, kapena pamng'alu wa housing yeniyeniyo. Yang'ananinso pamwamba pake, chifukwa water pump ikayamba kudontha madzi ake amatsetsereka n'kukanamizira housing yosalakwa.

Funso: Ndingasinthe ndekha? Zipangizo ndili nazo zochepa.

Yankho: Pa injini ya 1NZ-FE, yomwe ili mu Sienta, Probox ndi Corolla zambiri, ntchitoyi si yovuta. Housing imagwidwa ndi manati awiri basi. Mufunika soketi ya 10, pulayala, beseni lokwana malita 6, housing yatsopano, thermostat ndi labala wake watsopano. Gulani zonse pamodzi, pakuti labala wakale akangochoka sabwereranso bwino.

Injini izizire kaye. Kapu ya radieta yotentha yawotcha nkhope za anthu ambiri. Chotsani waya wa negative pa batire, popeza sipanala ikhala ikudutsa pafupi ndi altaneta. Tsegulani kapulagi ka pansi pa radieta madzi atsikire m'beseni. Finyani kalampu ndi pulayala, muikankhire kumbuyo, ndipo paipi muipotokole kaye kuti imasuke musanaikoke. Osaitokosa ndi sikuludilaiva, mungaboole paipi kapena kukanda khosi. Masulani manati, chotsani housing, muonetsetse mmene thermostat yakale yakhalira: mbali ya sipuling'i imaloza mkati mwa injini.

Tsopano gawo lomwe ambiri amalichita mwachangu, pomwe ndilo mwini ntchito. Nkhope ya injini pomwe pakhale labala iyenera kuyera mpaka kuoneka chitsulo chokhachokha. Palani zotsalira ndi chopalira cha pulasitiki. Aluminiyamu ndi wofewa, ndipo mpeni ukangosiya kamzere, madzi apeza njira. Pukutani paume, pasakhale oyilo.

Valikani labala kuzungulira m'mphepete mwa thermostat. Pa thermostat pali kachitsulo kakang'ono kogwedera m'kabowo, jiggle valve. Kameneka kaloze kumwamba, chifukwa ndi potulukira mpweya pothira madzi. Kakaloza pansi mpweya umatsekeredwa, injini n'kutentha ngakhale zonse ndi zatsopano. Mangani manati ndi dzanja kaye, kenako mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko. Manati ang'ono otere amafuna ma Nm 9 mpaka 11 okha. Ngati torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangirayi, mulibe, gwirani sipanala pafupi ndi mutu, mumange ndi mphamvu ya zala. Mukayamba kuikapo phewa ndiye kuti mwapitirira.

Funso: Polo yanga asintha housing kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anapaka silikoni wambiri, koma ikuchuchabe. Kodi ndi masipeya achinyengo?

Yankho: N'kutheka, mayi, pakuti housing ya pulasitiki yotchipa imatha kubwera yopindika kale. Iikeni pagalasi lathyathyathya. Ikamagwedera, kapena kuwala kukamadutsa pansi pake, ibwezeni. Koma ine ndikukayikira kwambiri silikoniyo. Pomwe pali O-ring, labala wozungulira ngati mphete, sipafunika silikoni. Labala amatseka pofinyika m'kangalande kake, ndiye silikoni akadzaza kangalandeko labala amaterereka n'kutuluka m'malo mwake. Wotsala amafinyikira mkati, amaduka tizidutswa, n'kukatseka timipaipi ta radieta kapena kukakamira pa thermostat. Silikoni amapakidwa pokhapokha pomwe wopanga injini ananena, ndipo amakhala wochepa kwambiri.

Chachiwiri ndi kumanga mopitirira. Munthu akaona dontho, dzanja limathamangira kuwonjezera mphamvu pa bawuti, koma pulasitiki yophikidwa ndi moto wa injini imakhala youma, ndipo makutu a mabawuti amang'aluka. Mng'alu wake suoneka injini ikazizira, umatseguka ikatentha.

Chachitatu ndi kalampu. Makalampu a sipuling'i amene amabwera ndi galimoto amafutukuka ndi kunyala limodzi ndi paipi. Ambiri amawataya chifukwa amavuta kufinya, n'kuikapo aja omanga ndi sikuluwu. Amenewa pakhosi la pulasitiki amafinya mbali imodzi, khosi n'kuphwanyika, kapena amakhwepa labala akaphwa. Bwezeretsani ya sipuling'i, ikhale kuseri kwa kamlomo kotukuka ka pakhosi. Paipi nayo ikakhala yofufuma kapena yolimba gwa kumapeto, isintheni.

Zonsezi zikakhala bwino koma madzi n'kumatulukabe, yezetsani kapu. Kapu yomwe sikutulutsa presha yopitirira imachititsa kuti madzi aphulikire pamalo ofooka.

Funso: Anzanga a pa siteji akuti kuno kumatentha, thermostat ndi ya ku Japan kozizira, ndingoichotsa. N'zoona?

Yankho: Ayi, achimwene. Thermostat ya ma Toyota amenewa imayamba kutseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo pofika 95 imakhala yatsegukiratu. Kaya muli ku Nsanje mu Okutobala kaya ku Dedza mu Juni, kunja sikufika pamenepo, choncho injini imafunabe chinthu choithandiza kufika msanga pa kutentha kwake n'kukhazikika. Yopanda thermostat imachedwa kutentha, kompyuta imaona ngati kudakali m'mawa n'kumathira mafuta ochuluka, mapulagi amada, oyilo amasakanikirana ndi petulo, ndipo ma ring a pisitoni amadyeka msanga. Pamagalimoto ena pamayaka check engine ndi khodi ya P0128.

Palinso china chomwe sachidziwa pa siteji. Ma thermostat ambiri ali ndi kambale kachiwiri kumunsi, komwe kamatseka njira yachidule ya madzi injini ikatentha. Mukaichotsa njirayo imakhala yotseguka, madzi ena amangozungulira mu injini osapita ku radieta, ndipo pokwera phiri ndi katundu galimoto imawira ndithu.

Ngati mukuikayikira, iyeseni: imangirireni ku waya, muiviike m'poto wa madzi osakhudza pansi, muike pamoto. Iyenera kutseguka madzi asanawire, n'kutsekekanso akamazizira. Yokana kutseguka, kapena yokhala yotseguka ili yozizira, yatha ntchito.

Funso: Coolant wadula. Madzi a pa mjigo sangakwane?

Yankho: Angakufikitseni kunyumba tsiku la ngozi, koma ndi amene amadya housing. Ali ndi mchere womwe umasiya zokanirira mu radieta, alibe mankhwala oletsa dzimbiri, ndipo khosi la aluminiyamu limachita timaenje moti paipi singagwirenso. Komanso pamalo okwera ngati Lilongwe, mamita opitirira 1,000, madzi wamba amawira asanafike madigiri 100, pomwe coolant wosakaniza theka ndi theka, kapu ili bwino, amapirira kupitirira 120.

Werengani botolo. Wosakaniza kale, monga wa pinki wa Toyota, amathiridwa mmene alili. Wosasakaniza muphatikize ndi madzi a batire, osati asidi, muyezo wofanana. Ma VW amafuna G12 kapena G13. Musadalire maonekedwe a madziwo okha, ndipo osasakaniza mitundu iwiri, chifukwa ina ikakumana imapanga phala. Wakale amene mwakhetsa mumutsekere m'chigubu. Amatsekemera koma ndi poizoni, ana ndi agalu amamwa.

Zothira dzira, fodya kapena sopo mu radieta kuti zitseke pochucha, zisiyeni. Zimatseka radieta ndi hita, mng'alu wa pulasitiki n'kukhalabe pomwepo.

Funso: Ndasintha zonse, sikuchuchanso, koma geji ikukwera ndi kutsika.

Yankho: Mwatsala mpweya. Injini itazizira, imikani galimoto mutu uli chokwera, ikani hita pa kutentha kwambiri, tsegulani kapu, thirani pang'onopang'ono mpaka pakhosi. Lizani injini, muzifinya paipi yapamwamba ndi kuwonjezera madzi akamatsika. Paipi ya pansi ikatentha ndiye kuti thermostat yatseguka. Dikirani fani izungulire kawiri, tsekani kapu, dzazani kabotolo ka pambali mpaka pa FULL. M'mawa mwake onaninso muyezo injini isanalire, ndipo pitani ndi chala pansi pa housing.

Koma thovu likamangotuluka pakhosi pa radieta osaleka, paipi yapamwamba n'kumalimba injini itangolira kumene, ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, vuto lafika pa head gasket, chotsekera cha pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Pamenepo zimitsani injini, galimoto ikokedwe kupita ku galaja akayeze compression.