Musapereke ndalama imeneyo, mwana wanu si temberero

Achemwali, ndawerenga zimene mwalemba zoti mwana wanu akudwaladwala ndipo mneneri wina wakuuzani kuti ndi temberero la makolo, akufuna mumupatse ndalama. Chonde musapereke ndalama imeneyo kwa mneneriyo. Ndikulemba manja akunjenjemera chifukwa vesi wakuwerengeraniyo, Eksodo 20:5, ija yoti Mulungu amalanga ana chifukwa cha zoipa za makolo mpaka m'badwo wachitatu ndi wachinayi, ndi yomweyo mkulu wa mpingo wina anandiwerengera ine mwana wanga ali m'bokosi. Kudwaladwala kwa mwana wanu si umboni woti agogo anu anachita zakutizakuti ayi. Ndipo inu amene mukungolemba kuti ameni temberero lilipodi, mundikhululukire, simunagonepo pansi pa bedi mu wodi ya ana.

Wanga anali wamwamuna, wachiwiri kubadwa. Anayamba kutupa timanja ndi timapazi asanayambe n'kuyenda komwe, maso achikasu, kulira usiku wonse osagwirika, tikapita kuchipatala amati malungo, kenako magazi achepa, kumuwonjezera magazi, kubwerako, mwezi osatha tabwereranso. Tinadzauzidwa mochedwa kuti ndi sickle cell, matenda a m'magazi obadwa nawo. Usiku womalizawo ndimaukumbukira wonse. Panali ana awiri pabedi limodzi, winayo wa mayi wina wakumudzi amene anandipatsa chitenje chake choti ndifunditse wanga chifukwa kunkazizira, magazi a gulu lake kunalibe, bambo ake akuthamanga uku ndi uku kuimbira foni abale kuti abwere adzapereke, ine ndagwira botolo la diripu lomwe linkangogwedezeka. Mwana amangoti amayi miyendo, amayi miyendo, ine ndikumusisita koma ndikangomukhudza amakuwa, ndiye ndimusisite kapena ndimusiye? Milomo inayera mbee. Chakum'bandakucha anasiya kulira, ine ndinasangalala kuti wagona, ndinauza mayi uja kuti tithokoze Mulungu wapezako bwino. Mayiyo anandiyang'ana osayankha, anapita yekha kukaitana anesi.

Ndiye tabwera kunyumba, amayi a mpingo akuimba pasiwa, adzukulu ali kumanda akukumba. Mkulu wa mpingo wina, munthu woti wadya nsima m'nyumba mwanga kangapo, anatiitanira kuseri kwa nyumba ine ndi bambo a mwana, apongozi anga aakazi ndi alamu anga ali pomwepo. Ndimaganiza akufuna tikambirane za pulogalamu ya mwambo. Anatsegula Buku Lopatulika. Eksodo 20:5. Akuti pajatu malemu apongozi anu aamuna ankagwira za mankhwala achikuda. Kenako Deuteronomo 28, mbali ya matemberero. Kenako Malaki 3, akuti khadi lanu la chakhumi lili ndi mipata yambiri, mwamubera Mulungu, mipata imene inabwera chifukwa ndalama yonse inkathera thiransipoti ya kuchipatala ndi mankhwala, iye akudziwa bwinobwino. Koma chimene chinandipha ndi chomaliza. Anatsegula 2 Samueli 12, nkhani ya mwana wa Davide ndi Batiseba amene anamwalira chifukwa cha chigololo, anawerenga pang'onopang'ono akuyang'ana ine, osati mwamuna wanga, ine. N'kunena kuti mayi ngati pali choti muulule ino ndiyo nthawi yake tisanaike mwanayu m'manda.

Pamaso pa apongozi anga! Mwana wanga asanaikidwe! Ndinakuwa mpaka nyimbo zinaima pasiwa. Mpaka lero alamu anga ena amandiyang'ana ndi diso lina, ndipo bamboyo sanabwerepo kudzapepesa, amakhalabe kutsogolo Lamulungu lililonse atavala jekete yake. Anthu oterewa amadziwa mavesi asanu okha m'Chipangano Chakale chonse, mabuku 39, kwa anzathu a Katolika 46, iwo anasankhamo mavesi oopsezera okhaokha ndipo amayenda nawo m'maliro ndi m'zipatala.

Werengani Yobu achemwali, koma muwerenge yense, machaputala onse 42, osati awiri oyamba ndi lomaliza ngati mmene amalalikira. Munthu uja anataya nkhosa 7,000, ngamira 3,000 ndi ana onse khumi tsiku limodzi, ndipo bukulo likuyamba n'kutiuza kuti anali wosalakwa, Mulungu yemwe akumuchitira umboni. Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera n'kukhala naye pansi masiku 7 osalankhula, pamenepo anachita bwino. Atangotsegula pakamwa basi. Elifazi pa chaputala 4 akufunsa kuti ndani anawonongekapo ali wosalakwa. Bilidadi pa Yobu 8:4 akuuza bambo woferedwa kuti ana ako ayenera kuti anachimwa n'chifukwa chake Mulungu anawapereka ku chilango. Nditafika pa vesi imeneyo ndinaponya Baibulo pabedi, ndi mkulu wa mpingo uja ndendende. Pofika chaputala 22 Elifazi wayamba kupeka machimo, akuti unkabweza akazi amasiye chimanjamanja, zinthu zoti sanaonepo, kungoti chiphunzitso chake chikwanire. Ndipo zonena zawozo zimamveka zauzimu kwambiri, ukhoza kulalikira nazo anthu n'kuwomba m'manja. Koma pa 42:7 Mulungu akuuza Elifazi kuti ndakukwiyira iwe ndi anzako awiriwo chifukwa simunanene zoona za ine monga wachitira mtumiki wanga Yobu. Yobu amene anatemberera tsiku lake lobadwa pa chaputala 3, amene anawauza anzakewo pa chaputala 16 kuti ndi otonthoza osautsa, amene ankafuna kukatsutsana ndi Mulungu maso ndi maso, ndi amene anauzidwa kuti wanena zoona. Oteteza Mulungu aja anachita kupemphereredwa ndi Yobu yemweyo kuti akhululukidwe.

Za temberero la makolozo mneneri wanuyo mukamufunse chifukwa chake sanakuwerengereni Ezekieli 18. Ayuda ali ku ukapolo ku Babulo ankanena mwambi woti makolo adya mphesa zosapsa koma mano oyayamira ndi a ana, Mulungu anati mwambi umenewu musadzaunenenso mu Israeli, ndipo vesi 20 ikunena poyera kuti mwana sadzasenza zoipa za bambo ake. Yeremiya 31:29-30 akunena zomwezo. Ngakhale Deuteronomo yemweyo amene amamukonda, 24:16, akuti ana asaphedwe chifukwa cha makolo. Ndipo Eksodo 20:5 yomweyo ikunena za anthu odana ndi Mulungu, vesi 6 ikupitiriza kuti chifundo chake chimafika kwa zikwi za omukonda, koma apo amatseka Baibulo msanga chifukwa vesi 6 siibweretsa ndalama.

Sindikunamizani kuti mawu enawo mulibe. Alimo. Buku la Maliro 5:7, anthu akulira Yerusalemu atawonongedwa ndi Ababulo, akuti makolo athu anachimwa ndipo kulibe, ife ndi amene tasenza zoipa zawo. Miyambo imanena kuti wolungama zimamuyendera bwino, kenako Mlaliki 7:15 akuti ine ndaona wolungama akufa m'chilungamo chake woipa n'kukhala moyo wautali. Mabuku amenewa amayankhana okhaokha, anthu a Mulungu ankavutika ndi funso lomwe mukuvutika nalo inuli, ndipo sanafufute mbali ina. Salimo 88 limayamba ndi kulira n'kuthera mumdima, mulibe aleluya kumapeto, ine ndi limene ndinkatha kupemphera miyezi imene ija chifukwa ena onse ankandikanika pakhosi. Hana nayenso akulira m'nyumba ya Mulungu ku Silo wansembe Eli anamuyesa woledzera, ndiye zoti atsogoleri amamuwerenga molakwika mayi wosweka mtima sizinayambe lero.

Chinthu chimodzi chokha m'buku la Yobu sindinagwirizane nacho mpaka pano, ndinene zoona. Anthu amakonda kunditonthoza kuti Yobu anabwezeredwa kawiri. Ziweto inde, nkhosa zinafika 14,000. Ana anabadwa ena khumi, koma khumi oyamba aja anali m'manda ndithu. Ine ndinaberekanso mtsikana, ali bwino, ndimamukonda, koma salowa m'malo mwa mchimwene wake ndipo aliyense wondiuza kuti Mulungu anakubwezera ndimangochoka pamalopo. Ndipo Mulungu polankhula m'kamvuluvulu kuyambira chaputala 38 sanamuuze Yobu chifukwa chake, anangomufunsa za maziko a dziko, nyenyezi, nthiwatiwa, mbuzi za m'mapiri. Ngati Yobu sanauzidwe chifukwa, mneneri wanuyo wachidziwira kuti, mpaka kuika mtengo wake?

Ndalama imeneyo mukwerere minibasi mupite ndi mwana kuchipatala chachikulu, mukanene zonse kuyambira pachiyambi, kangati wadwala, kangati wawonjezeredwa magazi ngati zinachitikapo, mutenge kabuku kake ka kuchipatala, ndipo mupemphe amuyeze bwinobwino, musalole kungopatsidwa panado n'kubwerera. Sindikuti ndi sickle cell, ine si dokotala. Koma ngati ndi imeneyo dziwani kuti imachokeradi kwa makolo, m'magazi, mbali zonse ziwiri, bambo ndi mayi onse akakhala ndi kachizindikiro kake mimba iliyonse imakhala ndi mwayi umodzi mwa inayi woti mwana abadwe nayo, ndipo palibe mafuta odzozera amene amasintha zimenezo. Ana ambiri akukula nayo akamalandira chithandizo, kumwa madzi ambiri, kufunda nthawi yozizira, kugona mu neti, kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha.

Koma kutchalitchi musasiye achemwali. Ine ndinasiya nthawi yaitali ndipo pano ndimakhala kumbuyo kwenikweni, ndikaona bambo uja waima kutsogolo ndimatuluka, koma inu musatero, mukufunika anthu okuzungulirani. Musakangane ndi akuluakulu a mpingo, muwalemekeze, mukawafotokozere abusa anu modekha zimene mneneriyo wanena, alipo abwino, amayi amene anandisambitsa ndi kundiphikira phala sabata ya maliro ija anali a mpingo womwewo. Chakhumi ngati mungathe perekani, ine ndinayambiranso, koma mankhwala a mwana ayambe. Ndipo mawu oti temberero asafike kwa apongozi anu, akangofika kumeneko sachokanso, amayamba kufufuza kuti lachokera mbali ya ndani ndipo nthawi zonse amapeza kuti ndi ya mkazi. Kuchipatalako amuna anu apite nawo, akamve okha kuchokera kwa adokotala ndipo ngati n'kuyezedwa akayezedwe nawonso, musapite nokha.