Kwa mdzukulu amene anadzitcha "intensive person"

Mdzukulu wanga, wandilembera kuti m'kalata yofunsira ntchito unadzitcha "intensive person", ndipo mnzako atawerenga anaseka mpaka misozi. Funso lako ndi lakuti, kodi intense ndi intensive si mawu amodzi? Ndi apachibale ndithu. Onse anachokera ku mawu a Chilatini onena za kukoka chinthu mpaka kukungika ngati chingwe cha uta, koma aliyense ali ndi ntchito yake.

Intense amanena za mphamvu ya chimene ukuchimva m'thupi kapena mumtima. Dzino likakugwira pakati pa usiku, n'kumangotembenuka pabedi dzanja lili patsaya, ululu umenewo ndi intense. Chimodzimodzinso dzuwa loswa mtengo, mkwiyo, nsanje. Palibe anakonza zimenezi, zimangokugwera.

Intensive ndi zokonzedwa ndi anthu, pamene aunjika khama, antchito ndi zipangizo pa chinthu chimodzi. Maphunziro a chaka chathunthu akawapanikiza m'milungu 6, amenewo ndi intensive course. Chilembo choyamba cha ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya m'chipatala, chikuimira mawu omwewa. Mu 1952 poliyo itavuta mumzinda wa Copenhagen ku Denmark, ophunzira udokotala ankasinthana usana ndi usiku kupopera mpweya ndi manja odwala olephera kupuma, ndipo chaka chotsatira dokotala Bjørn Ibsen anatsegula chipinda cha chisamaliro chotere. Mantha a makolo odikira panja anali intense, pomwe chisamaliro cha mkatimo chinali intensive.

Waonatu, munthu sakhala intensive. Koma ngakhale ukanalemba intense, ine ndikanakuletsabe. Eni chilankhulo akamati wakutiwakuti ndi intense, kawirikawiri sakumuyamikira. Akunena munthu wokuyang'ana osaphethira, wotenga kankhani kocheza ngati mlandu, woti ukacheza naye mphindi 10 umachoka utatopa. Ndani angafune kukhala naye mu ofesi tsiku lonse?

Chimandidandaulitsa mwa inu achinyamata ndi kukonda mawu aatali poganiza kuti ndiwo aulemu. Iwe unasankha intensive chifukwa ndi lotalikirapo, usakane. Wolemba ntchito safuna kumva dzina limene wadzipatsa, akufuna kudziwa zimene unagwira, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso zinatha bwanji. Lemba zimenezo m'mawu amene ungawafotokoze bwinobwino atakufunsa pamaso.

Konza kalatayo unditumizire ndiione isanapite. Mnzako uja usamusungire chakukhosi, umupatsenso awerenge.