Za Randy Travis mwafunsazi

Achemwali, mwafunsa ngati Randy Travis anathawira ku gospel chifukwa nyimbo zake za country zinasiya kuyenda malonda, komanso ngati akadali moyo. Alipo ndithu, kungoti sakuimbanso ngati kale. Koma zoti anathawa msika ine ndiye ndikukana, ndiloleni ndiyambire kutali pang'ono.

Mkuluyu anabadwa mu 1959 ku Marshville, North Carolina, ku America, dzina lake lenileni ndi Randy Traywick. Ali mnyamata anali wovuta zedi, sukulu anasiyira panjira, mowa, kuba, apolisi ankachita kumudziwa. Anamuwombola ndi mayi wina, Lib Hatcher, yemwe ankayendetsa kalabu ku Charlotte komwe Randy anapambana mpikisano woimba, mayiyu ndi amene anachonderera jaji kuti mwanayu asapite kundende amusunga yekha. Mu 1982 anasamukira ku Nashville, likulu la nyimbo za country, ndiye tangoganizani, munthu ankaphika ndi kutsuka mbale ku kalabu ya Nashville Palace kenako n'kupukuta m'manja kukwera pa siteji kukaimba, uku makampani akumukana ati kaimbidwe kake n'kachikale. Kampani ya nyimbo ya Warner itamutenga, mu 1986 kunatuluka chimbale cha Storms of Life, mu 1987 nyimbo ya Forever and Ever, Amen, basi dzina linamveka paliponse. Malemu bambo anga anali ndi kaseti yake, ankaibweza ndi bolopeni kuopa kumaliza mabatire, ndiye mawu ake okhuthala aja ine ndinakula nawo.

Inde chakumapeto kwa ma 90 achinyamata anali atamupitirira, zimenezo sindikana. Koma mvetserani zimbale zake za gospel, Inspirational Journey ya 2000 ndi Rise and Shine ya 2002, mupeza kuti sanasinthe kanthu, gitala yemweyo, kukoka mawu komweko, anangoyamba kuimba za Mulungu poyera. Ndipo nyimbo yake ya Three Wooden Crosses inafika nambala wani mu 2003 pa tchati cha country, osati cha gospel ayi, n'kutenganso mphoto ya bungwe la nyimbo za country la CMA ya nyimbo yopambana chaka chimenecho. Nyimbo imeneyi imandikhudza mpaka lero. Mlimi, mphunzitsi, m'busa ndi mkazi woyendayenda ali m'basi usiku, basi igundana ndi thiraki, atatu afera pomwepo, m'busa asanatsirizike apereka Baibulo lake lamagazi kwa mkazi uja, ndipo kumapeto mumazindikira kuti m'busa amene akufotokoza nkhaniyi pa guwa ndi mwana wa mkazi yemweyo. Munthu wongosaka ndalama sangaimbe choncho.

Pali china chomwe ambiri sakonda kutchula. Ataimba kale gospel zaka zonsezo, banja lake ndi Lib, amene anakwatirana mu 1991, linatha mu 2010, ndipo mu 2012 anamangidwa ku Texas atachita ngozi ataledzera. Anthu anamunena kwambiri. Ine zinandiwawa koma sindinasiye kumumvera, chifukwa ndi angati mwa ife amene tinagwapo titabatizidwa kale?

Mu July 2013 anadwala mtima, ali m'chipatala momwemo n'kuchita sitiroko yoopsa imene inamulanda kulankhula ndi kuyenda bwino. Mary Davis, amene anakwatirana naye mu 2015, ndi amene amamulankhulira akapita pagulu. Mu 2024 anatulutsa nyimbo ya Where That Came From koma mawuwo anachita kuwapanga pa kompyuta ndi AI atatsogolera kuimba woimba wina, James Dupré, anthu ena anadandaula, ine ndinangoona mmene mwiniwake ankamwetulira akuimvera ndipo zinandikwanira.

Mukapeza bandulo sakani pa YouTube vidiyo ya 2016 pomwe ankamulowetsa mu Country Music Hall of Fame, gulu la akatswiri olemekezeka a nyimbo za country. Waima pambali pa Mary, mawu akuchita kuvuta kutuluka, koma anaimba Amazing Grace, anthu m'holomo akupukuta misozi.