Mwana wanu akudziwa nkhope ya Chilembwe, nanga nambala?

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera pa imelo kuti: "Mwana wanga ali Sitandade 2. Ndikamuonetsa ndalama amaitchula bwinobwino, koma ndikamutuma ku okala amabwera ndi chenje choperewera iye osazindikira. Ndimuthandize bwanji?"

Zikomo mayi pondilembera. Mmene ndikuonera, mwana wanuyo waloweza nkhope ndi mtundu wa pepala, koma nambala sakuiwerenga. Ana ambiri amayambira pamenepo. Vuto ndi lakuti nkhope zina zimabwereza. John Chilembwe ali pa K500 komanso pa K2,000 imene inatuluka mu 2016. Kamuzu Banda ali pa K1,000 komanso pa K5,000 ya mu 2022. Ndiye mwana amene amangodziwa kuti "ya Chilembwe ndi faifi handiredi" angapereke K2,000 n'kumabwerera kwawo ali mwee, chenje atachisiya.

Choncho yambani apa: phimbani nkhope ndi chala chachikulu, iye awerenge nambala ili pakona. Aloze ndi chala ziro aliyense. K100 ili ndi maziro awiri, K1,000 atatu. Akazolowera, m'patseni nthano zake tsopano. K200 ili ndi Rose Chibambo, mayi yekhayo pa ndalama zathu, ndipo kuseri kwake kuli nyumba ya malamulo ya konkuno ku Lilongwe. Tsiku limene mudzadutse ku City Centre pa minibasi, mutulutsireni K200 afanizire yekha pawindo. Sadzaiiwalanso.

Koma kutchula ndalama ndi kudziwa mphamvu yake n'zosiyana, ndipo chenje chimasowera pamenepa. Mwana wa mchemwali wanga ndinamuikira pamphasa ma K100 asanu mbali ino, K1,000 imodzi mbali inayo, n'kumuuza asankhe. Anakumbatira mulu uja ndi manja onse awiri, akuti "izi n'zambiri". Sindinamutsutse. Ndinamuuza andigule K1,000 yangayo ndi ma K100 ake. Anaika asanu, ndinakana. Tinabwereka ena kwa mayi ake, n'kumawerenga mokweza mpaka khumi. Atafika pa khumi anayang'ana mulu wake, n'kuyang'ana kapepala kamodzi kaja, kenaka anati, "Aa, kani!"

Chitani zimenezi masiku angapo: ma K50 awiri asanduke K100, ma K100 awiri ndi ma K50 awiri ndi K200 imodzi asanduke K500. Kenaka tsegulani golosale pakhonde, muikepo machesi, sopo ndi mchere, mitengo mulembe pamapepala. Wogulitsa akhale iyeyo, chifukwa wobweza chenje ndiye amawerengera kwambiri. Ndalama zikhale zenizeni, ngakhale zakutha zija. Zojambula m'buku sizimulowa m'manja. Masiku ano ife makolo tikulipira zambiri pa Airtel Money ndi Mpamba, ana sakuonanso ndalama ikusinthidwa pamaso pawo, ndipo izi zimandidetsa nkhawa.

Zachitsulo za K1, K5 ndi K10 sizikuonekaoneka pamsika, koma ngati zilipo m'kabati muonetseni, mumuuzenso kuti matambala 100 ndiye K1, popeza kusukulu amazikamba. Asamaike m'kamwa, ndipo akamaliza asambe m'manja.

Mukamamutumanso ku okala, asatuluke pachipata musanamufunse kuti: "Watenga zingati, ukagula cha zingati, ubwera ndi zingati?" Ayankhe kaye, kenaka apite.