Pulosesa ya ma core anayi: tiziitchula bwanji pa Chichewa?

Sabata ino mafunso atatu abwera onse okhudza pulosesa, kachipangizo kamene kamakhala mkati mwa kompyuta ngati ubongo wake, nde ndangowaika pamodzi.

Woyamba wafunsa kuti, "Ndizilemba pulosesa kapena purosesa? Nanga ndi pulosesa wanga kapena yanga?"

Lembani pulosesa. Chichewa sichilola p ndi r kugundana popanda vawelo pakati, n'chifukwa timalowetsapo u ngati mmene tinachitira ndi pulogalamu. Za l ndi r, lamulo lomwe a Chichewa Board adatisiyira limati r amabwera pambuyo pa e kapena i, kwina konseko ndi l. Taonani kulira ndi kubwera, kenako kulola ndi kubala. Apa pali u kumbuyo nde ndi l basi. Ndipo ndi yanga, ngati kompyuta yanga, pulinta yanga. Mukati wanga khutu limayembekezera munthu, ndipo poti pulosesa ndi pulofesa akusiyana chilembo chimodzi chokha, "pulosesa wanga akutentha kwambiri" zikumveka ngati mphunzitsi wadwala.

Funso lachiwiri ndi lomwe landikhudza kwambiri. Mayi wina akuti wogulitsa anamulembera kuti "iyi ndi quad-core, imathamanga kanayi", nde akufunsa ngati Chichewa chimenechi chili bwino.

Galamala ilibe vuto koma tanthauzo lapotoka, ndipo kupotoka kumeneku kumadyetsa anthu ndalama. Quad ndi nambala ya zinthu, zinayi, pomwe kanayi amawerenga maulendo kapena kuchulukitsa. Nenani kuti pulosesa ya ma core anayi, core kukhala kagawo ka m'kati mwa pulosesa kamene kamagwira ntchito pakokha. Mawu oti core ine ndimawasiya momwemo chifukwa sanakhazikike kalembedwe ka Chichewa, koma mgwirizano wake tili nawo kale: core imodzi, ma core awiri, ma core anayi, ndendende ndi kompyuta imodzi, makompyuta anayi. Osati ma core zinayi ayi, ma- uja amakoka a-.

Ena amafuna kumasulira kuti mitima inayi kapena maubongo anayi. Ubongo wa kompyuta ndi mawu abwino pofotokozera mwana kuti pulosesa ndi chani, koma pa ma core ine ndimakonda kunena kuti antchito anayi m'chipinda chimodzi, chifukwa mawu amenewa amakuuzani okha pomwe pali malire. Mukawapatsa makatoni 400 oti anyamule, aliyense atenga 100 ntchito itha msanga, ndipo ndi mmene zimakhalira mukamakonza vidiyo kapena mwatsegula mapulogalamu ambirimbiri nthawi imodzi. Koma apatseni singano imodzi kuti alowetse ulusi, mmodzi agwira atatu angoyang'ana. Mapulogalamu ena analembedwa chonchi, sitepe iyi isanathe inayo siyamba, nde pamenepo chofunika ndi changu cha core imodziyo, kaya muli nawo anayi kaya eyiti.

Pa liwiro lenilenilo pali nambala ina, ya GHz. Pulosesa ya Core 2 Quad Q6600 ya kampani ya Intel, yomwe inatuluka mu Januwale 2007, inali ya 2.4 GHz, kutanthauza kugunda ka 2.4 biliyoni pa sekondi. Apa nde pomwe ka- akugwira ntchito yake yoyenera, tikuwerenga maulendo. Ma core anayi aja sapangitsa kuti ikhale 9.6 GHz, osawonkhetsa chonchi.

China, mukaona mawu oti thread musathamangire kulemba ulusi, palibe amene angakumveni. Core i7-7700K ya mu 2017 ili ndi ma core anayi koma ma thread 8, ndiye kuti wantchito aliyense akusinthasintha pakati pa ntchito ziwiri kuti asakhale manja lende pamene akudikira. Antchito akadali anayi omwewo. Pa Windows tsegulani Task Manager, pitani pa Performance kenako CPU, pansi pa galafu muona Cores ndi Logical processors zalembedwa padera, yoyamba ndi ya ma core, yachiwiri ndi ya ma thread.

Wachitatu akuti amafuna kulemba kuti pulosesa ina ndi yabwino poyerekeza ndi ndalama zake, koma chomwe chikumubwerera ndi "yotchipa" basi.

Yotchipa ikungonena za mtengo, ndipo nthawi zina imabwera ndi kafungo konyoza, ngati chinthu chosalimba. Yodula nayo sikutanthauza yabwino. Mawu tili nawo ambiri: ikugwirizana ndi mtengo wake, ndalama zako sizipita pachabe, sungadandaule nayo, ntchito yake ikuposa mtengo. Ine ndimakonda "ikugwirizana ndi mtengo wake" chifukwa ikuika zinthu ziwiri pa sikelo, ntchito uku ndalama uku. Polemba samalani ndi mawu oti mtengo, pakamwa kamvekedwe kamasiyanitsa wa masamba ndi wa ndalama koma papepala ndi chiganizo chokha chimene chimathandiza, ngakhale pa nkhani ya kompyuta palibe angasokonezeke.

Koma musanalembe kuti ikugwirizana ndi mtengo wake funsani kaye kuti ya ma core anayi yake iti, ya chaka chanji, chifukwa dzina ndi limodzi koma zinthu zatalikirana. Q6600 ija inali ya anthu ofuna zapamwamba, mkati mwake munali tizidutswa tiwiri ta ma core awiriawiri tomatidwa pamodzi, ndipo kumapeto kwa 2007 kampani ina ya AMD inatulutsa pulosesa ya Phenom yokhala ndi onse anayi pa kachidutswa kamodzi. Patapita zaka 10, mu 2017, AMD inabweretsa Ryzen 7 ya ma core 8, ndipo chaka chomwecho chisanathe Intel inaika ma core anayi mu Core i3-8100, ya m'badwo wa chi 8, yomwe ili m'gulu la zoyambira. i3 imeneyi ndi ya 3.6 GHz ndipo pa magetsi ndi ya mawati 65, pomwe Q6600 inali ya mawati 95 kapena 105, ndipo Windows 11 imailandira i3-yo koma yakaleyo ayi. Nde polemba onjezerani kamawu kamodzi, ya ma core anayi yakale, kapena ya ma core anayi ya m'badwo wa chi 8, wowerenga adziwe chomwe akulipirira.